Musanakwere ku Nyika ndi kamera, yambani mwadzera kwa ankhoswe



Lero ndikufuna tikambirane nkhani imene yayamba kumveka kawirikawiri m'makomo mwathu. Masiku ano mnyamata ndi mtsikana akagwirizana zomanga banja, chimodzi mwa zinthu zoyamba kukonza ndi ulendo wokajambulitsa zithunzi. Ena amapita kunyanja, ena m'minda ya tiyi ku Thyolo, ndipo amene akufuna malo osafikidwa wamba maso awo ali ku Nyika, kumapiri a ku Rumphi. Amasankha wojambula, amasoketsa zovala zofanana, amabwereka galimoto, ndipo pakatha sabata zithunzi zili mbwee pa Facebook ndi pa WhatsApp, mphete ikunyezimira pachala, mbidzi zikudya msipu chapatali.

Pankhaniyi anthu a mumpingo agawikana pawiri. Alipo akuluakulu amene akuti zimenezi n'zachilendo, n'zowononga ndalama, ndipo mwana wa Mkhristu asayandikeko. Aliponso achinyamata amene akuti nkhaniyi ndi ya iwo awiri, makolo ndi mpingo alibe gawo. Ine sindikuvomereza mbali iliyonse mwa ziwirizi. Ndikuti pitani, kajambulitseni, kakondwereni ndi ntchito ya manja a Mulungu. Koma chithunzicho chibwere pambuyo pa lonjezo lochitika pamaso pa anthu.

Ndiyambe ndi inu akuluakulu anzanga. Kujambulitsa si tchimo, ndipo sikunayambe lero. M'nyumba zambiri za anthu a msinkhu wathu muli chithunzi chakale cha ku situdiyo, bambo ataima chilili m'jekete yobwereka, mayi atakhala pampando, kumbuyo kwawo kuli nsalu yojambulidwa mapiri ndi mitengo. Ngati mapiri a pansalu sanali tchimo, mapiri enieni amene anaumba Mlengi angakhale bwanji tchimo? Nyika ndi paki yoyamba m'dziko muno, inakhazikitsidwa mu 1965 n'kukulitsidwa mu 1978, ndipo ndiyo yaikulu kuposa mapaki athu onse, pafupifupi masikweya kilomita 3,200. Pamwamba pake ndi pamtunda woposa mamita 2,000 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira mamita 2,600. Munthu ukafika kumeneko umaona zitunda za udzu zikutsatizana mpaka polekeza maso, mbidzi, ntchefu, chilembwe ndi mphoyo zikuyenda poyera. Alendo amawoloka nyanja zikuluzikulu kudzaona zimenezi, pamene ana ambiri a dziko lino amakalamba osafikako. Ngati chikondi ndi chimene chachititsa ana athu kufuna kuona dziko lawo, tiyamike Mulungu.

Tsopano ndilankhule ndi inu ana anga. Chithunzi cha chitomero ndi umboni. Chimauza aliyense wochiona kuti nkhani ya awiriwa inatha kukambidwa, mtsikanayu ali ndi mwini, mnyamatayu wasiya kuyang'anayang'ana. Ife amene tinagwirapo ntchito m'maofesi a boma timadziwa kuti chidindo sichimenyedwa papepala lopanda mawu. Kalata imayamba yalembedwa, mwini udindo n'kuiwerenga, n'kusaina, kenaka chidindo. Kalaliki amene amamenya chidindo papepala loyera, ati mawu tidzalemba pambuyo, akudziitanira mlandu. Chithunzi chanu cha pa Nyika ndi chidindo. Kalata yake imalembedwa pakhonde la amalume.

Mwambo wathu mukuudziwa, ngakhale ena mwayamba kuuona ngati chotchinga. Mnyamata amauza amalume ake, iwo amanyamuka kukaonana ndi amalume a mtsikana, ndipo mbali ziwirizi zimayamba kudziwana. Patsiku la chinkhoswe ankhoswe amasinthana nkhuku, tambala ndi msoti, mnyamata amalandira khasu ndi nkhwangwa, mtsikana lichero ndi mthiko, kuti aliyense adziwe kuti banja ndi ntchito. Kwa abale athu a kumpoto kuli thenga ndi malowolo. Ndondomeko ndi yosiyana, koma mfundo ndi imodzimodzi, yakuti mabanja awiri alankhulane anthu asanamve. Ngakhale lamulo la maukwati la 2015 limauwerengera ukwati wachikhalidwe kukhala ukwati weniweni. Kumpingo nako ukwati umalengezedwa masabata atatu, kuti wodziwa chifukwa chouletsa alankhule nthawi ikadalipo.

Kodi makolo anakhazikitsiranji zonsezi? Chifukwa pali zinthu zimene anthu awiri okondana sangazione okha. Ankhoswe ndi amene amatulukira kuti agogo a mnyamata ndi agogo a mtsikana anali a bere limodzi. Ndi amene amamva kuti mnyamata wooneka bwino uja anasiya mkazi ndi ana awiri ku Johannesburg kapena kumudzi kwawo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zoterezi zikadziwika nkhani ikadali pakhonde, chitomero chimatha mwakachetechete, mtsikana amalira masiku angapo, moyo n'kupitirira. Koma zikadziwika zithunzi zitazungulira kale m'mafoni a mpingo wonse, a kuntchito ndi a kumudzi, chilondacho chimachedwa kupola. Mukhoza kufufuta chithunzi patsamba lanu, koma amene anachisunga m'foni mwawo simungawalande. Ndipo tinene chilungamo, m'dziko lathu lino katundu wa manyazi otere amalemera kwambiri pamutu pa mtsikana kusiyana ndi mnyamata.

Taganizaninso za agogo anu akumudzi, amene anakuberekani kumsana mayi anu ali kumunda. Mdzukulu wina akubwera ndi foni, akuwaonetsa chithunzi, akuti onani, uje watomeredwa. Agogowo adzamwetulira pamaso pa anthu, koma mumtima adzadziwa kuti amva nkhani ya mbumba yawo pamodzi ndi anthu odutsa m'njira. Amalume amene mwawalumpha lero ndi omwewo amene mudzawaimbire foni pakati pa usiku, mbale zitayamba kuuluka m'nyumba. Ntchito yeniyeni ya nkhoswe imayamba phwando likatha: mwana akadwala, bambo akayamba kufika kunyumba atambala akulira, maliro akagwa. Wojambula, ngakhale akhale waluso chotani, mukamulipira zake zatha.

Ena mudzati, ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Mawuwa ndi oona, koma amanena za munthu wolowerera pakati pa mwamuna ndi mkazi wake kuti awalekanitse. Nkhoswe ndi munthu amene inu eni mwamuitana kuti adzagwirize denga pamene mphepo yawomba. Werengani Genesis mutu 24. Mtumiki wa Abrahamu atakumana ndi Rebeka pachitsime, sanathere nkhani pomwepo. Anafunsa za kwawo kwa namwaliyo, anapita kunyumbako, anakana kudya asanafotokoze chimene anadzera, ndipo abale atavomera, Rebeka mwini wake anafunsidwanso ngati akufuna kupita. Abale anapatsidwa ulemu wawo, namwali anapatsidwa mawu ake. Ndondomeko imeneyi sinakalambe.

Tinene kuti mwatsata zonsezi, chinkhoswe chachitika, ndipo ulendo wa ku Nyika ukukonzedwa. Pali funso limene ambiri amalizemba, ndipo ine ndilifunsa poyera: mukagona kuti, ndipo mukakhala ndi yani? Ku Nyika si koti munthu n'kupita m'mawa n'kubwerako madzulo. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 350. Kuchoka apo mulowere ku Rumphi, mudutse ku Bolero, mukafike pachipata cha Thazima, ndipo ukadutsa chipatacho ulendo ukadalipo wautali kukafika ku Chelinda kumene kuli malo ogona. Kuchokera pa boma la Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, mbali yaikulu msewu wafumbi, ndipo galimoto imatha maola anayi kapena kuposerapo. Munthu wochokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre agona kunja mausiku awiri kapena atatu, afune asafune.

Chinkhoswe chimatsegula njira ya ukwati, koma kwa Mkhristu amene akuyembekeza kudalitsa ukwati wake m'tchalitchi, sichitsegula chitseko cha kuchipinda. Sindikunena izi chifukwa chokukayikirani. Ndikunena chifukwa thupi ndi thupi, usiku wa pa Nyika ndi wozizira, ndipo mbiri ya munthu ikadetsedwa sichapika msanga. Tengani mlongo wanu, azakhali, kapena banja lina la mumpingo limene mumagwirizana nalo. Zipinda zikhale ziwiri. Ankhoswe a mbali zonse adziwe tsiku lonyamuka ndi tsiku lobwerera. Kuyenda gulu kulinso ndi phindu lina: pamwamba paja foni imagwira mwa apo ndi apo, ndipo galimoto ikafa pakati pa zitunda zija mudzathokoza kuti simunali awiri okha. Ngati palibe wokuperekezani, njira ina ilipo. Sungani Nyika kuti mudzapiteko ukwati utadalitsidwa, pamene palibe amene angakufunseni za chipinda.

Funso lachiwiri ndi la ndalama. Pa Luka mutu 14 Ambuye anaphunzitsa za munthu wofuna kumanga nsanja, kuti ayambe wakhala pansi n'kuwerengera mtengo wake. Khalani pansi ndi pepala ndi cholembera. Lembani galimoto yolimba yotha msewu woipa, mafuta opita ndi obwerera, amene muyenera kuthira okwanira ku Mzuzu kapena ku Rumphi chifukwa pamwamba palibe pogula, ndalama yolowera pachipata ya munthu aliyense ndi ya galimoto, malo ogona, chakudya, zovala, malipiro a wojambula pamodzi ndi kudya ndi kugona kwake kwa masiku onsewo. Mukaphatikiza, ikani chiwerengerocho pambali pa mtengo wa lendi ya miyezi itatu, bedi, matiresi ndi mapoto. Ngati thumba likulola popanda kukongola, pitani ndi mtima woyera. Koma ngati ulendowu ukufuna katapila, kapena ngongole ya ku banki mkhonde imene mayi anu adzavutike nayo kubweza, lekani. Banja loyamba ndi ngongole ya zithunzi limayamba kukangana zithunzizo zisanapachikidwe n'komwe pakhoma. Mulungu sanaike mapiri ku Rumphi kokha. A ku Zomba muli ndi phiri lanu pakhomo, a ku Mulanje muli ndi mathithi a Likhubula, a ku Dedza, ku Nkhoma ndi ku Ntchisi nanunso simusowa pokwera. Konseku munthu akhoza kupita m'mawa ndi abale ake, madzulo n'kudzagona kwawo.

Kwa amene mwawerengera n'kupeza kuti n'zotheka, sankhani nyengo mwanzeru, pakuti safunsa anadya phula. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumwamba kumakhala koyera ndipo maso amaona patali, koma kuzizira kwake si kwa masewera. M'mamawa udzu umayera mbuu ndi chisanu, ndipo mtsikana wovala diresi yopyapyala adzatuluka pachithunzi milomo ili gwagwagwa. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala udzu umakhala wouma, ndipo utsi wa moto wa m'tchire umaphimba mapiri akutali. Nyengo ya mvula, makamaka Januwale ndi Febuluwale, ndi pamene Nyika imavala bwino koposa, zitunda zili biriwiri, maluwa ali ponseponse, ndipo a mtundu wa orchid okha alipo mitundu yoposa 200. Koma walira mvula walira matope. Msewu umaterera, ndipo nkhungu ikatsika mukhoza kutha tsiku lonse osaona ngakhale mtengo uli patsogolo panu. Miyezi ya Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya, imapatsa munthu msipu wobiriwira ndi msewu wouma pang'ono. Ojambula amakonda kuwala kwa m'mawa dzuwa likungotuluka ndi kwa madzulo likupendeka, ndiye onjezani tsiku limodzi lapadera kuti nyengo ikakana musabwerere chimanjamanja. Nyamulani majuzi, majekete ndi nsapato zoyendera. Za gogoda muvale pokhapo pojambulitsa.

Za kavalidwe ndi kaimidwe pachithunzi sindichulutsa mawu. Muyeso wake ndi wosavuta. Chithunzi chimene simungachipachike pabalaza pa apongozi anu, chimene mwana wanu adzachite nacho manyazi akadzafika zaka 15, musachijambulitse. Wojambula ndi wantchito wanu patsikulo. Akakuuzani kaimidwe kamene chikumbumtima chanu chikukana, muuzeni mwaulemu kuti ayi.

Kumbukiraninso kuti ku Nyika mukupita ngati alendo. Munthu woyamba anaikidwa m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo udindo umenewo sunachotsedwe pa ife. Lamulo la 1992 loteteza mapaki ndi nyama zakutchire, limene linakhwimitsidwa mu 2017, sililola kuthyola kapena kuzula zomera m'paki. Maluwa a pa Nyika ali kale pamavuto chifukwa cha anthu amene amakumba mizu yake mobisa kukapanga chikanda, chimene ena amati chinaka. Inu musawonjezere pothyola maluwa oti mkwatibwi agwire m'manja. Galimoto isachoke mumsewu kukaponda msipu pofuna malo okongola. Makandulo, ndudu ndi tizitini totulutsa utsi wamitundumitundu timene ojambula ena amakonda zisayandikire udzu wouma, chifukwa moto wolusa pa Nyika, mphepo ikuwomba, palibe angauthamangitse. Musathamangitse mbidzi kuti zilowe m'chithunzi, ndipo musayende pansi kutali ndi msasa popanda mlonda wa paki, pakuti kumeneko kuli akambuku, afisi ndi njovu. Za kamera zouluka zija ndi za chilolezo cha wojambula wamalonda, funsani akuluakulu a paki musananyamuke. Mapepala, mabotolo ndi mapulasitiki mubwerere nazo. Madzi a pamapiri amenewa ndi amene amatsikira mumtsinje wa North Rukuru, ndi mu Wovwe umene umapukusa makina a magetsi ku Karonga. Chimene mwataya pamwamba chimakafika kwa anthu a kumunsi.

Pali chinanso chimene alendo ambiri sachidziwa. Paki itakulitsidwa mu 1978, mabanja ambiri anasamutsidwa m'midzi yawo, n'kusiya minda ndi manda a makolo awo m'kati mwa malire atsopano. Kanyanja ka Kaulime, kamene alendo amakonda kujambulirapo, anthu akumeneko ankakalemekeza kuyambira kale. Malo amene kwa inu ndi okongoletsa chithunzi, kwa ena ndi kwawo kumene anachoka ndi misozi. Yendanipo mofatsa. Lonjerani anthu a m'midzi ya m'njira, gulani uchi kapena nthochi zawo pamtengo woyenera, ndipo musajambule munthu musanamupemphe. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Inu makolo ndi ankhoswe, mawu anga sakuthera pa ana okha. Achinyamata ambiri amathamangira kwa wojambula chifukwa pakhomo la amalume pamatenga miyezi kuti patseguke. Mwana akabwera kudzakuuzani kuti wapeza mnzake, musamuyankhe kuti tidzaona tikakolola, chaka n'kutha. Musasandutse chinkhoswe kukhala ukwati wachiwiri, wa holo yolipira, zovala zosintha katatu ndi perekaniperekani wa tsiku lonse, mpaka ana kuchiopa ngati msonkho. Chinkhoswe cha pakhomo, cha nkhuku ziwiri, mphasa, pemphero ndi nsima, n'chokwanira pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu. Ndipo musalole kuti mnzake wa kuntchito wa mnyamata avale jekete n'kudzaima ngati nkhoswe wa tsiku limodzi, munthu amene sadziwa ngakhale dzina la mudzi wa mkwati. Mukafewetsa njira yoyenera, ana adzaitsata. Akakupemphani kuti muwaperekeze ku Nyika, musanyinyirike. Valani juzi, kwerani galimoto, mukaone nawo dziko lanu, ndipo chithunzi chimodzi mukajambulitse nonse pamodzi. Pakadzapita zaka 30, chimenecho ndi chimene adzachifunefune.

Pomaliza, tikumbuke zimene zinachitika paphiri lina, monga tiwerenga pa Mateyu mutu 17. Ambuye anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane kukwera nawo, ndipo kumeneko anaona ulemerero umene sanauonepo. Petro anafuna kumanga misasa kuti akhale komweko. Ambuye sanamudzudzule chifukwa chokondwera ndi zimene anaona, komanso misasayo sinamangidwe. Anatsika nawo, ndipo kumunsi anakumana ndi bambo wina amene mwana wake ankadwala khunyu. Paphiri anakhalapo kanthawi, ntchito inali kuwadikira kuchigwa.

Inunso mudzatsika. Mudzadutsanso pa Thazima, fumbi lili thoo m'tsitsi, kubwerera ku nyumba ya lendi, ku magetsi ozimazima, ku mzere wa kuchipatala, ku fizi ya ana ndi matenda a makolo. Kumeneko ndi kumene ukwati umakhala. Chithunzi cha pa Nyika chidzakhala pakhoma kukukumbutsani tsiku limene munali okongola ndi okondwa, ndipo chikumbutso chotere n'chabwino, chimathandiza pa tsiku la mkangano. Koma amene adzagogode pachitseko chanu pa tsiku limenelo ndi ankhoswe, alangizi, amayi a mumpingo ndi abale amene munawalemekeza poyamba paja. Yambani ndi iwo. Mukatero kwerani phiri ndi mtima wopanda chobisa, ndipo zithunzizo mutitumizire, tidzakondwera nanu.

Amene muli ndi ana kapena adzukulu amene akukonzekera banja, awerengereni mawu awa kapena atumizireni. Tiwapempherere onse amene ali pa chitomero mumpingo mwathu, kuti Mulungu awapatse kudekha, chiyero ndi nzeru.

Ambuye akudalitseni ndi kukusungani nonse. Amen.